Timaso tofiira ta m'mwala wa ku Glen Esk

Mvula ya kumapiri a Scotland sidziwa kukata, imangowaza tsiku lonse. Tinali m'chigwa cha Glen Esk, m'mbali mwa mtsinje wa North Esk, kumtunda kwa mudzi wa Edzell, titagwada pathanthwe lotuwa kufunafuna timiyala tofiirira totchedwa garnet, koma ndere zinali zitakuta paliponse. Bambo wina wachikulire woweta nkhosa anatiyang'ana kwa kanthawi, kenaka anabwera.

"Pamenepo mungotaya nthawi, anyamata. Tsikirani pomwe madzi amatsuka mwala."

Anatitsogolera okha potsetsereka poterera, galu wawo ali pambuyo. Atafika anatunga madzi ndi manja n'kuwaza pamwala wa schist, n'kupukuta ndi mkono wa jekete. Timaso tofiirira tinatulukira, tambirimbiri, titakhala pakati pa timapale tonyezimira totchedwa mica. Dzina la timiyalato sankalisamala. Anangoti ophunzira amabwera chaka ndi chaka, ndipo onse amayambira pathanthwe lolakwika. Titawathokoza anangokweza dzanja, ulendo kunkhosa zawo.

Mwala umenewu, wa gulu la Dalradian, unali matope ndi mchenga pansi pa nyanja. Zaka pafupifupi 470 miliyoni zapitazo unakwiriridwa, n'kupsinjika ndi kutenthedwa osasungunuka, ndiye tinthu ta m'matopemo tinasanduka miyala yatsopano. George Barrow, wa bungwe la boma lofufuza miyala, ndi amene anaona kuti ukamachoka pa mng'alu wa Highland Boundary Fault kulowera kumtunda, miyalayi imabwera motsatana: chlorite, biotite, garnet, staurolite, kyanite, pomaliza sillimanite. Analemba zimenezi mu 1893 ndi 1912. Mwala uliwonse pamndandandawu umapangika pakutentha koposa kwa wam'mbuyo, ndiye kukwera chigwachi n'chimodzimodzi kutsikira m'mimba mwa dziko, komwe kumatentha kwambiri. Ine chimandidabwitsa n'chakuti munthuyo anazipeza ndi miyendo yake, m'mvula yomweyi, wopanda jekete zamakonozi.

Kyanite tinakamuona kumtunda, timizere tobiriwira ngati thambo, koma apo n'kuti zala zitauma, pensulo ikung'amba kope lonyowa.

Mukamapita, tengani galasi lokulitsa ndi kope losalowa madzi. Nyundo isiyeni, anthu aswa kale malo abwino, ndipo zimanyansa kupeza thanthwe lophunzirirapo litagumulidwa chifukwa wina ankafuna kamwala koika pawindo. Ndipo m'chilimwe, mphepo ikangoleka, tizilombo toluma totchedwa midges timakuunjikirani kumaso ndi m'makutu mpaka kuiwala chimene munagwadira. Ukonde wakumutu musausiye m'galimoto.