Loweruka pa Minnetonka ndi ma flasher atatu

Mnzanga wa kuntchito anafika pakhomo kusanache, galimoto itadzaza mpaka kudenga: tenti, hita ya gasi, chobowolera ayezi, ndowa zokhalira, ndi ma flasher atatu, makina oonera nsomba powedza pa nyanja youndana. Awiri ndi ake, winayo anabwereka kwa mlamu wake. Anatopa nane. Chiyambire Disembala ndakhala ndikumufunsa kuti ndigule mtundu uti, ndiye anati tipite ndikadzionere ndekha m'malo mogonera mavidiyo a pa YouTube.

Tinatsikira pa gombe lina la nyanja ya Minnetonka, kumadzulo kwa Minneapolis. Ayezi anali wokhuthala kupitirira phazi limodzi. A DNR, omwe amayang'anira zachilengedwe kuno ku Minnesota ku America, amati munthu woyenda pansi ayambe kuponda ayezi watsopano akafika mainchesi 4, choncho mantha anali opanda pake. Komabe miyendo ya mwana wa ku Nkhotakota imakana kukhulupirira kuti nyanja n'kuyendapo.

Kwa amene simunawaonepo makinawa, flasher ndi kabokosi kokhala ndi nkhope yozungulira ngati wotchi. Pa chingwe chake pamalendewera transducer, kachipangizo kamene mumakamiza m'dzenje mpaka kapitirire pang'ono kunsi kwa ayezi. Kamaponya phokoso pansi, nthawi zambiri la 200 kHz, n'kumamvera kubwerera kwake. M'madzi ozizira chonchi phokoso limathamanga mamita pafupifupi 1,400 pa sekondi, moti zonse mumaziona nthawi yomweyo. M'kati muli gudumu lozungulira mwaliwiro lokhala ndi timagetsi. Pamwamba pa wotchiyo ndiye pa ayezi, ndipo mukamatsata mmene muvi wa wotchi umayendera ndiye kuti mukutsika m'madzi, mpaka pa chimzere chofiira chachikulu chomwe ndi pansi pa nyanja. Chofiira ndi chizindikiro champhamvu, cha olenji n'chapakati, chobiriwira n'chofooka. Kwathu ntchito imeneyi ndi ya siginala, uja amakhala m'bwato la nyali usiku n'kumauza anzake a chilimira pomwe usipa wasonkhana.

Tinayamba ndi Vexilar FL-8, wakale kwambiri mwa atatuwo, pamalo akuya mamita 8. Ndinakoleka kambozi ku kambedza kolemera ka tungsten n'kukaponya. Pa wotchi panaoneka kamzere kobiriwira kakutsika pang'onopang'ono, ndikakweza ndodo nako kakwera. Mnzanga anandigwira dzanja pa batani la gain, lokweza kapena kutsitsa mphamvu yomvera ya makina. Anati ndichepetse mpaka nyambo yanga itsale kamzere kowonda, chifukwa ukakweza kwambiri chilichonse chimafiira ndipo sudziwanso nsomba ndi zinyalala.

Kenaka kunsi kwa nyambo kunayamba kuphethira kamzere kena. Kanali kobiriwira, kakuzima, kakuyaka. Kanasanduka ka olenji n'kuyamba kukwera. Nsomba ikamafiira ndiye kuti yalowa pakati penipeni pa dzenje lanu. "Kweza pang'ono, usaime," anatero mnzanga. Ndinakweza, iyo inatsatira. Mizere iwiri ija inakumana n'kukhala umodzi wofiira, nsonga ya ndodo inangoti gwedezu, ndipo crappie yonenepa inatulukira pa dzenje ikuphiriphitha. Pamenepo ndinati basi, FL-8 yemweyu wandikwana. Kwa nsomba zoyandama pakati pa madzi monga crappie ndi bluegill, sindikuona chomwe makina odula angawonjezere.

Maganizo anasintha masana, titasamukira pa chitsetse cha pansi pa madzi kukasaka perch ndi walleye. Izi zimakonda kukwawa pansi penipeni. Pa FL-8 kuya konse kumapanikizidwa pa wotchi imodzi, ndiye nsomba yomwe ili chikhatho chimodzi kuchokera pansi imangooneka ngati chimzere chofiira chija chanenepa pang'ono. Titaika Vexilar FL-18 m'dzenje lomwelo n'kutsegula zoom, theka la wotchi linayamba kuonetsa mapazi 6 okha a pansi, mokulitsa. Zomwe ndinkayesa matope zinapatukana, n'kukhala tinsomba tiwiri tikusuzumira nyambo. Kusiyana kwenikweni kwa makinawa ndinakuona pamenepa.

Nkhani ina imene ogulitsa sachedwapo ndi kukula kwa malo omwe transducer imaona. Phokoso limatsika likutambasuka. Ya madigiri 19, pa kuya kwa mamita 9, imaona bwalo la mamita pafupifupi 3 m'mimba mwake, pomwe ya madigiri 9 imaona losakwana mita imodzi ndi theka. Poyamba munthu umaganiza kuti yotambasuka ndiyo yabwino. M'madzi osaya ndi zoona, monga ku nyanja ya Upper Red Lake komwe pansi pali tchetchete. Koma pa chitsetse, mbali ya bwalo yomwe yagunda kumtunda ndiyo imabwerera msanga, makina n'kujambula pansi pamenepo, ndipo nsomba zonse zomwe zili kunsi kwa mzere umenewo zimabisika. Apa m'pomwe Humminbird ICE 35 ya mlamu uja inandikopa, chifukwa transducer yake ili ndi zonse ziwiri, 9 ndi 19, ungodina batani. Ndinadina ya 9, nyambo yanga yomwe inali itamezedwa ndi chimzere chofiira inatulukiranso.

Cha m'ma 2 koloko anthu anachuluka. Mawotchi athu anayamba kuthwanima timizere toyendayenda topanda mutu, chifukwa makina oyandikana amamverana phokoso. Onse atatu ali ndi batani lothetsera zimenezi, umangodina mpaka wotchi iyere. Silovuta, koma amene mukugula wogwiritsidwapo kale ntchito yesani batani limeneli.

M'tenti yoyandikana nafe munali bambo wina wokhala ndi makina a mtundu wina otchedwa Garmin LiveScope, ndipo anatiitana kuti tidzaone. Zija ndi kanema weniweni. Nsomba umaiona ikutembenuka, ngakhale ili patali ndi dzenje. Mtengo wake wonse pamodzi umaposa madola 2,000, ndipo kunyamula kwake n'kwa munthu wokhala ndi sileji, kangolo kokoka pa ayezi. Ine ndimakonda kubowola maenje ambiri n'kumadumphadumpha nditanyamula makina dzanja limodzi. Komanso, kunena chilungamo, bamboyo tsiku lonse maso anali pa sikirini, nyanja sanaione.

Pobwerera tinadzera kusitolo ya zowedzera kuti ndikagwireko ena. Makampani a Vexilar ndi MarCum onse ndi a konkuno ku Minnesota, ndipo anthu amawakonda ngati matimu a mpira, aliyense ndi wake. FLX-28 ya Vexilar imalemba kuya ndi manambala pakati pa wotchi ndipo imadzisankhira yokha mlingo wa kuya. MarCum M3 ili ndi zoom yosunthika, yoti ukhoza kuiika pakati pa madzi pomwe pali crappie. LX-7 ya MarCum ilibe gudumu n'komwe, ndi sikirini. Zonsezi n'zabwino, koma manambala a kuya ndingathe kuwerenga ndekha pa wotchi, ndipo nyanja zomwe ndimafikako Loweruka ndi zomwezi za pafupi, zosapitirira mamita 12 pomwe ndimawedza.

Chomwe chinandidabwitsa ndi batire. Lakale lija la mtovu la 12V limalemera kuposa makilogalamu awiri, pomwe la lithium la mphamvu yofanana limalemera mwina theka lake ndipo silifooka msanga. Kungoti osalitchaja lili lozizira kupitirira pomwe madzi amaundana, liyambe lafunda m'nyumba.

Kunyumba ndinayala nkhani yonse uku tikukazinga crappie. Mayi akunyumba anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Inu bambo, ndalama imeneyo ingagule makilogalamu angati a tilapia ku sitolo?" Yankho ndinalibe. Tinagwirizana kuti watsopano ayi.

Ndiye ndasankha FL-18 wogwiritsidwapo kale ntchito, wa transducer ya madigiri 12, yapakatikati, ndipo chenji ipite ku batire la lithium. Ndapeza munthu akugulitsa pa Facebook. Amafuna tikumane pamalo oimikapo magalimoto, ine ndamupempha kuti tikumane pa nyanja mawa tikaweruka ku tchalitchi. Kuyesera m'ndowa sikuonetsa kanthu. Ndikufuna ndimve ngati gudumu likuzungulira mosakhula, ndione chingwe cha transducer ngati sichinang'ambike ndi kuzizira, komanso ngati kambedza kanga kakuonekabe pa mamita 9 gain ili yotsika. Wavomera, bola chobowolera ndibweretse ine.