Masiku a Mbwezera Chilengedwe ndi owerengeka: wachikulire ayende bwanji?

Ntchito ya Mbwezera Chilengedwe, ndondomeko ya boma yolipira mabanja osauka akagwira ntchito zosamalira nthaka ndi mitengo m'dera lawo, si ya chaka chonse. Imabwera m'magawo, gawo lililonse lili ndi masiku ake, ndipo masikuwo akakwana makasu amabwerera kunyumba. Mnyamata gawo likatha amatsikira kunyanja kukakoka nawo chilimira kapena kukapalasa kabaza pa Boma. Mayi kapena bambo woti imvi zayamba alibe kothawira, ngakhale olemba ganyu amamulambalala. N'chifukwa chake ndikamawongolera achikulire m'ndondomekoyi, kaya kwa Chimwala, kwa Jalasi kapena kwa Nankumba m'boma la Mangochi, funso langa loyamba limakhala lakuti: tsiku lomaliza ndi liti, nanga likadutsa mudya chiyani?

Kenaka ndimaona dzina. Mabanja amasankhidwa kuchokera m'kaundula wa boma wa UBR, ndipo amafuna banja losauka koma lomwe lili ndi munthu wotha kugwira khasu. Ndimatenga chiphaso cha unzika n'kuchifananitsa ndi dzina la pamndandanda, chilembo ndi chilembo. Kwathu kuno munthu mmodzi amatha kukhala Saidi pachiphaso, Sayidi pamndandanda, pamene mudzi wonse ukumudziwa ndi dzina la mwana wake woyamba. Kusiyana kochepa chonchi kumagwiritsa malipiro. Ngati ndalama zikudzera pafoni, nambala ikhale yolembetsedwa ndi chiphaso cha mwiniwake, osati cha mdzukulu woti mawa anyamuka wa ku Joni.

Tsopano masikuwo. Magawo ambiri akhala a masiku 24 olipidwa. Pamene tsiku linali K1,200 munthu ankalandira K28,800, litakwera kufika K1,600 zinakwana K38,400. Palinso masiku ongodzipereka, opanda malipiro. Ziwerengerozi zimasintha, choncho pamsonkhano woyamba ndimafunsa alangizi pagulu kuti olipidwa ndi angati, odzipereka angati, tsiku ndi ndalama zingati, n'kulemba.

Pamene achikulire ambiri amagwa ndi pa ndime. Kufika pamalo a ntchito sikokwanira, kapitawo amachonga tsiku munthu akamaliza ndime yomwe wapimiridwa. Kukumba ngalande zokolola madzi m'dothi louma la mu Okutobala, kapena kututa miyala yotsekera zigwembe m'mapiri a ku Namwera, kumathyola msana wa munthu wamkulu sabata isanathe. Akagona masiku atatu, masikuwo apita, gawo silimudikira. Ndiye ntchito isanayambe ndimapita nawo kwa komiti yoyang'anira derayo kukapempha mbali yoyenera mphamvu zawo: kuthira dothi m'machubu kunazale, kuthirira mbande, kudzala vetiva m'milambala, kutengulira mitengo yophukira pazitsa. Ntchitozi si zachifundo ayi. Zimafuna dzanja lofatsa, ndipo mbande zosamalidwa ndi agogo sizifa chisawawa. Pempholi liperekedwe magulu asanagawidwe, chifukwa akagawa kale kusintha kumavuta.

Ndimawauzanso kuti akhale ndi kope lawolawo, ngakhale la masamba ochepa. Tsiku lililonse alembe deti, malo, ntchito yomwe agwira ndi anzawo awiri omwe anali nawo. Wosatha kulemba adule mzere, mdzukulu adzalembe madzulo. Maliro a Chisilamu sagonetsa, uthenga umafika m'mawa, masana anthu ali kumanda. Zikatero tumizani mawu kwa kapitawo tsiku lomwelo, ndipo mufunse ngati mungabweze tsikulo gawo lisanatseke kapena ngati wina wa pakhomo angalowe m'malo mwanu. Musangotumiza mwana mwakachetechete, angagwire ntchito koma dzina lanu osachongedwa.

Sabata yomaliza ndimapempha kuona buku la kapitawo lisanapite ku khonsolo. Masiku akasiyana ndi a m'kope, nkhani ipite pompo ku komiti yolandira madandaulo. Mndandanda wa malipiro ukapangidwa, kukonza kumatenga nthawi yaitali.

Pakati pa tsiku lomaliza ndi tsiku lolandira pamakhala mpata, nthawi zina wa masabata angapo. Akatapila amaudziwa mpata umenewu kuposa wina aliyense. Wokongola K10,000 kuti adzabweze K15,000 wapereka masiku atatu a thukuta lake kwa munthu woti sanagwire khasu. Bola kulowa gulu losunga ndi kubwereketsana ndalama la COMSIP kapena banki m'khonde gawo likangoyamba, ndalama zikafika kagawo kalowe m'masheya tsiku lomwelo zisanafike pakhomo.

Malire a masikuwa ali ndi chifukwa chake. Ndalama n'zochepa, osauka ndi ambiri, ndiponso anthu ayenera kukalima minda yawo. Koma chimandipweteka n'chakuti malirewo ndi amodzi kwa wa zaka 25 ndi wa zaka 60, chikhalirecho mwayi wawo kunjaku si umodzi. Munthu akafika poti ngakhale keni yothirira yamukanika, ndipo pakhomo palibe wina wamphamvu, malo ake ndi Mtukula Pakhomo, yomwe inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo ndi ya mabanja ovutikitsitsa opanda wowagwirira ntchito. Kusamukako sikuchitika kokha. Ndimayamba ndi amfumu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kenaka ofesi ya chisamaliro cha anthu, titanyamula chiphaso ndi buku la kuchipatala, kukapempha kuti mbiri ya banjalo ikonzedwe m'kaundula kusankha kwina kusanafike.