Pulezidenti wa kadziko akangoti zii, mumuchotse kapena mumudikire?

Pali timayiko tina tomwe simungatipeze pa mapu a kusukulu. Anthu ochepa amangogwirizana kuti famu yawo, chipinda chogona kapena gulu la pa intaneti ndi dziko, kenaka amasoka mbendera, kulemba malamulo ndi kusankha mtsogoleri. Pachingerezi amati micronation, ife tingoti kadziko kodzilengeza kokha. Sealand ndi nsanja yakale ya asilikali yomwe ili panyanja kufupi ndi England, ndipo Paddy Roy Bates adailengeza kuti ndi dziko mu 1967. Talossa idayambira m'chipinda cha mnyamata wa zaka 14, Robert Ben Madison, ku Milwaukee mu 1979. Liberland, kachigawo ka m'mbali mwa mtsinje wa Danube pakati pa Croatia ndi Serbia, adaiyambitsa ndi Vít Jedlička mu 2015. Palibe boma lenileni lomwe limavomereza timayikoti, koma kwa eni ake si zachibwana: amavota, amakangana, ena mpaka kusiya kulankhulana.

Kawirikawiri chomwe chimapha kadziko si nkhondo. Ndi mtsogoleri wongosowa osatsanzika.

Tiyerekeze kuti achinyamata a ku Luwinga, Chibavi ndi Katoto, kuno ku Mzuzu, ali ndi kadziko kawo pa WhatsApp, nzika 40 m'kaundula. Mu Januwale adasankha pulezidenti woti alamule chaka chimodzi. Pofika mu Epulo, mvula ya kuno isanaganize n'komwe zosiya, bwana sakuonekanso. Malamulo atatu omwe aphungu adavomereza akudikira siginecha, msonkhano wa nduna sunachitike chichokere Febuluwale, ndipo wina walemba pagulu kuti: "Kodi akuluakuluwa akuyeneradi kukhala pampando?" Mkangano umayambira pomwepo, ndipo nthawi zambiri umalowera kolakwika. Ena amayamba kukamba za ulesi wa munthuyo, anzake n'kumakumbutsa kuti mbendera adajambula ndi iyeyo. Zonsezi sizikuyankha funso. Kuyenera udindo sikuyezedwa ndi mtima wabwino kapena mbiri ya kale. Kumayezedwa ndi ntchito zomwe malamulo a kadzikoko adapereka kumpandowo, ngati zikugwiridwa kapena ayi.

Choncho tsegulani malamulo anu, mulembe papepala ntchito zonse zomwe pulezidenti yekha ndiye angagwire. Pambali pa iliyonse lembani tsiku lomwe idayenera kuchitika ndi chomwe chidachitika. Misonkhano ya pamwezi: inayi idayenera kuitanidwa, waitana umodzi. Malamulo osainira: atatu, wasaina palibe. Ndondomeko ya ndalama za zopereka: idayenera kuwerengedwa kutha kwa Malichi, mpaka lero kulibe. Pepala lotere ndi lovuta kulitsutsa, pomwe mawu oti "amangogona" aliyense angawakane. Nthawi zina pepalali limadabwitsa odandaula okha. Mumapeza kuti malamulo sadapatse pulezidenti ntchito ina iliyonse kupatula kulankhula pa tsiku la ufulu. Zikatero vuto si munthu, ndi mpando. Ngakhale mutamuchotsa, wobwerayo adzangoti zii chimodzimodzi chifukwa palibe choti achite.

Ngati ntchito zilipodi ndipo zaima, funso lotsatira n'lakuti walephera kapena wanyalanyaza. Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo mankhwala akenso ndi osiyana. Kuno munthu amatha kusowa pa intaneti milungu itatu pa zifukwa zomveka: foni yabedwa mumsika, ndalama ya bandulo yasowa, ali kumaliro kumudzi komwe netiweki imapezeka pachulu chimodzi chokha, kapena mayeso amupanikiza. Umboni uli m'manja mwanu momwemo. Tiki imodzi pa uthenga ikutanthauza kuti foni yake sikulandira. Matiki awiri ndiye kuti uthenga wafika. Munthu akhoza kuzimitsa matiki a buluu pa mauthenga a awiri, koma pagulu sizitheka: dinikizani uthenga womwe mudatumiza, musankhe Info, muona yemwe wawerenga ndi nthawi yake. Pulezidenti yemwe wawerenga chiitano cha msonkhano 7 koloko m'mawa, osayankha, masana n'kuika chithunzi pa sitetasi ali ku Nkhata Bay, ameneyo sakudwala.

Malamulo oyendetsera dziko la Malawi a 1994 adasiyanitsa bwino zinthu ziwirizi, ndipo kadziko kangabwereke nzeru pamenepo. Gawo 87 ndi la mtsogoleri yemwe sangathe kugwira ntchito. Sachotsedwa, koma wachiwiri wake amagwirizira mpaka mwini wake atachira. Ndipo si nkhani yongonena pakamwa: pamafunika chikalata chotsimikizidwa ndi gulu la madokotala oima paokha, chosainidwa ndi wachiwiriyo pamodzi ndi nduna zoposa theka, n'kuperekedwa kwa sipikala. Gawo 86 ndi la mtsogoleri yemwe waphwanya malamulo kwambiri, ndipo kumeneko pamafunika aphungu awiri mwa atatu aliwonse. Padalinso gawo 64, lomwe linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe, koma aphungu adalichotsa mu 1995. Timayiko tambiri timakopera malamulo a mayiko akuluakulu n'kutenga gawo la kuphwanya malamulo lokha. Tsono munthu wongokhala chete waphwanya chiyani? Sadabe, sadamenye munthu, sadasinthe zotsatira za chisankho. Ngati simudalembe kuti kusagwira ntchito kwa masiku akutiakuti ndi mlandu, mulibe pomugwira.

Nigeria idakumana ndi mpata womwewu. Pulezidenti Umaru Yar'Adua adapita kuchipatala ku Saudi Arabia mu Novembala 2009 osasiya kalata yopereka mphamvu kwa wachiwiri wake. Dziko lidakhala choncho miyezi yoposa iwiri, mpaka mu Febuluwale 2010 pomwe nyumba ya malamulo idalengeza kuti wachiwiriyo, Goodluck Jonathan, agwirizire mpando, ponena kuti zinthu zafika poti sizingadikirenso. Ngati dziko la maloya ochuluka chotero lidazunguzika, gulu la anthu 40 lisachite manyazi.

Ndondomeko yomwe imagwira ntchito pa gulu laling'ono imayamba ndi kalata. Mlembi alembere pulezidenti, atchule ntchito zomwe zaima ndi masiku ake, amupatse masiku 14 oti ayankhe. Kalatayo ipite njira zitatu: pagulu, pa nambala yake, ndi pamanja. Mzuzu si waukulu. Kabaza wochokera m'tauni kupita ku Chiputula kapena ku Zolozolo sangagwetse chuma cha dziko, ndipo anthu awiri akakhala naye pakhonde amamva zomwe foni singawauze. Pa masiku 14 amenewo wachiwiri agwirizire ntchito za tsiku ndi tsiku zokha. Asasinthe malamulo, asachotse nduna, asakhudze ndalama kupyola zomwe zidavomerezedwa kale. Wogwirizira akayamba kusankha anzake m'maudindo, anthu amaona kuti nkhani yonse idali yofuna mpando, ndipo omwe adali pakatikati amabwerera kwa wosowayo.

Akayankha kuti ali pamavuto, mugwirizane tsiku lobwerera, masiku 30 kapena 60, lilembedwe. Mawu oti "ndibwera posachedwa" musawalandire opanda deti, paja zengerezu adalinda kwawukwawu. Akapanda kuyankha, kapena deti likadutsa, nzika imodzi mwa zitatu zilizonse isaine pempho loti pakhale voti. Voti ikhale yotsegula masiku 7, osati usiku umodzi, chifukwa magetsi akazima dera lina anthu asanu akhoza kulephera kuvota, ndipo pa gulu lotere asanu ndi ambiri. Funso likhale limodzi, loyankha inde kapena ayi: mpando ulengezedwe kuti uli wopanda munthu? Za yemwe adzalowe m'malo zidikire chisankho china. Mukaphatikiza mafunso awiriwa, munthu yemwe akuvomereza kuti pulezidenti walephera koma sakufuna wachiwiriyo amavota ayi.

Apa ndi pomwe ambiri amagwa: kaundula. Malamulo amati pakufunika nzika ziwiri mwa zitatu zilizonse. Pa anthu 40 ndiye kuti mavoti 27. Koma mwa 40 aja, ena adalowa tsiku loyamba chifukwa mnzawo adawakoka, ena adasintha nambala, wina adapita ku Johannesburg. Omwe amalankhula pagulu mwina ndi 18. Ngakhale onse 18 atavota inde, 27 simufika, ndipo pulezidenti wosowa amatetezedwa ndi nzika zosowa zinzake. Njira yake ndi kalembera. Aliyense alembe kuti "ndilipo" pa masiku 14, osayankha aikidwe pa mndandanda wa nzika zogona, zomwe sizichotsedwa koma siziwerengedwa pa voti. Mukatsala ndi 18, awiri mwa atatu ndi mavoti 12. Koma kalemberayu achitike pempho lochotsa munthu lisanatuluke. Mukamuchita mkangano uli mkati, a mbali inayo adzati mukufufuta mayina a anthu awo, ndipo mwina adzakhala akunena zoona.

Msampha wina ndi lamulo loti pulezidenti yekha ndiye amaitanitsa msonkhano kapena kusaina kusintha kwa malamulo. Ndiye kuti kiyi wa nyumba watsekeredwa m'nyumba momwemo. Pamenepa palibe njira yoyera. Chomwe mungachite n'chonga cha ku Nigeria chija: nzika zambiri zisaine chikalata chofotokoza kuti zikudumpha gawo lakutilakuti, kamodzi kokha, pa chifukwa chakutichakuti, ndipo ntchito yoyamba ya msonkhanowo ikhale kukonza gawolo kuti mlembi kapena nzika zisanu zilizonse zizitha kuitanitsa msonkhano. Kubisa kuti mwadumpha lamulo n'koipa kuposa kulidumpha, chifukwa mwaphunzitsa wotsatira kuti malamulo amatanthauza chomwe wamphamvu wafuna tsiku limenelo.

Chomwe sindingalimbikitse ndi kukwiya n'kukatsegula boma lina pambali. Ku Sealand mu 1978, Alexander Achenbach, yemwe ankadzitcha nduna yaikulu, adalanda nsanja ija Bates atachokapo, n'kugwira mwana wake Michael. Bates adailandanso, ndipo otsatira Achenbach adatsala ndi boma la m'mapepala ku Germany. Ku Talossa gulu lina lidapatuka mu 2004 n'kupanga ripabuliki yawo, ndipo padatenga mpaka 2012 kuti mbali ziwirizo zibwererane. Amenewo adali ndi mwayi. Gulu la anthu 18 likagawika pawiri mumatsala ndi magulu awiri a WhatsApp omwe onse ali chete, ndipo nzika zomwe zili m'magulu onse awiri zimatopa msanga. Mapanga awiri avumbwitsa.

Njira yotsika mtengo kuposa zonse ndi kumutsegulira khomo loti atuluke ndi ulemu. Anthu ambiri omwe asowa amadziwa kuti alephera, chomwe chimawagwira ndi manyazi. Leonard Casley wa kadziko ka Hutt River, ku Australia, adalamula kuyambira 1970, koma mu 2017, ali ndi zaka 91, adatula pansi udindo n'kusiyira mwana wake Graeme. Ku Seborga, mudzi wa ku Italy womwe umasankha kalonga wake pa voti, Marcello Menegatto adatula pansi mu 2019 nthawi yake isanathe, ndipo anthu adasankha Nina Menegatto chaka chomwecho. Anthu awiri omwe apita ndi kalata aja anyamulenso ina ya mzere umodzi yotula pansi udindo, yongofuna siginecha. Ngati dzina laulemu lopanda mphamvu, monga mkulu wa dziko, lingamuthandize kusaina, mpatseni. Silidya ndalama.

Mavoti onsewa ndi achabe ngati makiyi ali ndi iye. Amayi a banki mkhonde adaizindikira kale nkhaniyi: bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu, ndipo wosunga bokosi alibe kiyi. Timayiko tambiri timachita zosiyana ndi zimenezi. Pa WhatsApp, munthu yemwe adatsegula gulu sangachotsedwe pa u-admin ndi ma admin anzake, choncho ngati ndi pulezidentiyo ndipo wakana kutuluka, mufunika gulu latsopano ndi kusamutsa anthu mmodzimmodzi. Akaunti yomwe yakhala masiku pafupifupi 120 osalumikizidwa pa intaneti WhatsApp imatha kuifufuta, ndiye ngati admin adali yekha musadikire kuti zifike pamenepo. Pa Discord, pulogalamu ina yochezera m'magulu, mwini wa gulu amakhala mmodzi, ndipo amene amadina batani losamutsa umwini ndi iye. Dzina la webusaiti limalipiridwa pachaka, ndipo uthenga wokumbutsa umapita ku imelo ya yemwe adalembetsa. Akapanda kuuona, webusaiti imazima ndipo pakapita nthawi dzinalo munthu wina akhoza kuligula.

Ndalama ndiye zovuta koposa. Ngati zopereka zinkalowa pa Mpamba kapena Airtel Money ya pulezidenti, pamaso pa malamulo a Malawi zili m'dzina lake, ndipo palibe bwalo lomwe lingamve mlandu wa dziko lomwe kulibe. Chomwe mungatsate ndi ngongole wamba ya pakati pa anthu, ndipo umboni wake ndi mauthenga otsimikiza kuti ndalama zatumizidwa. Aliyense yemwe adapereka ajambule uthenga wake, mlembi awasonkhanitse pamodzi ndi masiku ake, kalata ya masiku 14 ija isanatumizidwe. Pa tsiku lopatsirana udindo, mlembi akhale ndi mndandanda m'manja: ma admin atatu pagulu lililonse, pasiwedi ya imelo yasinthidwa pamaso pa anthu awiri, ndalama zawerengedwa ndi kusamutsidwira kwa msungichuma, kaundula ndi malamulo zakopedwa m'mafoni atatu osiyana, ndipo mbendera, ngati ili ya nsalu, yachoka kunyumba kwake.