Zikomo, makamaka inu Anangozo

Mawu akadali osasa, tulo takhala tikundithawa chitulukireni chimbalechi, koma ndikati ndidikire kuti ndipume kaye, mwina sindilembanso.

Nonse mukudziwa komwe nyimbozi zinachokera. Januwale 2022, namondwe Ana atagumula mlatho wa Revúbuè, ife tili kakasi ku Tete ndi thupi la achimwene, njira yobwerera ku Ulónguè itatalika. Zimenezo sindibwereza.

Anangozo, mayi wanga wa kukwaya ku Lifidzi, ndiyambe ndi inu. Anyamata a ku situdiyo atafuna kuthira kiyibodi ndi ng'oma za pakompyuta kuti akuti zigulike, munadzuka pampando n'kunena kuti, "Mwana akulira, musamutseke pakamwa." Tinatsala ndi gitala imodzi ndi mawu basi. Amene mukufunsa kuti mawu okhuthala akundiyankha pansipansiwo ndi a ndani, ndi awo. Munthu wozolowera chisanu cha ku Angónia kukwera chapa mpaka kukapsa ndi dzuwa la ku Tete, miyendo itatupa, yokwerera mutaitenga pa mbatatesi zanu. Ndikubwezerani chiyani ine?

Muulutsi wina pawailesi anati chimbalechi n'cholemera, nyimbo za pasiwa zokhazokha, palibe yoti n'kuvinira paukwati. Bambo, zikomo. Munamvetsera mpaka kumapeto, pomwe ena ondiyamikira sanadutse nyimbo yachitatu. Koma za ukwatizo oimba ake alipo ambiri, ndipo amatha. Wina pa Facebook analemba kuti m'nyimbo yomaliza mawu anga anathyoka, tikanajambulanso. Anathyokadi. Ndinapempha kubwereza, Anangozo anakana, ndipo lero malo omwewo ndi amene anthu akundilembera kwambiri.

Abale a kumigodi ku Moatize amene mumanditumizira mawu pa WhatsApp mukaweruka usiku, ena osalankhula kanthu koma kungopuma, ndamva. Amayi a ku Tsangano amene munati mwalira amuna anu koyamba chiwaikireni m'manda, sindinakuyankheni chifukwa chonena chinandisowa. Mulungu akugwireni dzanja. A ku Dómuè, a kutsidya ku Dedza ndi Ntcheu, otumiza kangachepe pa M-Pesa ndi e-Mola, zikomo. Ngakhale inu oika nyimbo m'makhadi pamsika osandipatsa ndi metikali imodzi yomwe, mwazifikitsa kumidzi komwe intaneti kulibe. Tidzakambirana, koma osati lero.

Aja munalonjeza kudzathandiza kuimba, mafoni n'kuzima tsiku lake, ndaona mukulemba kuti "mwana wathu". Chabwino.

Ambuye, mwandisunga ndili wosweka, sungani ndi Anangozo, muwachiritse miyendo ija. Amayi, Loweruka ndikubwera ku Lifidzi ndi chitenje ndi shuga. Ndawauza kale ana anu kuti mukayamba zokana, alandire ndi iwo.