Katunduyo mumusiye adutse kaye

Mtima wakhala m'malo tsopano. Phunziro la m'kalasi mwathu la thandizo lakunja polimbana ndi mankhwala ozunguza bongo m'malire landilowa, ndipo chanditsegula mutu ndi ndime 11 ya pangano la United Nations la 1988 lolimbana ndi malonda a mankhwalawa, ija ya controlled delivery, kutanthauza kulola katundu woletsedwa adutse akumulondola mpaka kwa womulandira. 

Tengani Tajikistan, dziko la m'chigawo chapakati cha Asia. Malire ake ndi Afghanistan amapitirira makilomita 1,300, ndipo mbali yaikulu amatsata mtsinje wa Panj. Mu 2007 anatsegula mlatho wa ku Panji Poyon womangidwa ndi ndalama za dziko la America. Tiyerekeze kuti thiraki yafika pamlathopo, heroin atamubisa m'kachipinda kowotcherera mkati mwa thanki ya mafuta. Msilikali wolondera malire ndiye mwini chipata, wa kasitomu mphamvu zake zili pa katundu, kufufuza n'kwa apolisi, kukhoti kukaima woimira boma. Aliyense pakutha pa chaka amafunsidwa makilogalamu amene wagwira. Ndiye woyamba kuona amalanda pomwepo, mapaketi kuwayala patebulo, kujambulitsa, koma womangidwayo ndi dalaivala, munthu waganyu. Mwini katundu ali phee, mawa atumiza ina.

Pangano lija limalola kuti katunduyo amusiye adutse, akumulondola mwakachetechete mpaka kwa womulandira. Koma wa kasitomu angatsegule bwanji chipata akudziwa zomwe zili m'thankimo? Ayenera kukhulupirira kuti wapolisi wakutsogoloko sakagulitsa nkhaniyo, komanso kuti abwana ake sadzamuimba mlandu wolekerera. Apa mpomwe ndaonera chimene ndalama zakunja zikuyesa kugula. Galimoto, agalu onunkhiza ndi makina ounikira katundu amangotsitsa m'ndege basi. Kukhulupirirana kwa nthambi za boma ndiko kumavuta. N'chifukwa chake bungwe la United Nations linathandiza kukhazikitsa Drug Control Agency ya Tajikistan mu 1999, nthambi yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo yoyankha kwa pulezidenti, antchito ake akuthandizidwa malipiro ndi ndalama zakunja kuti ziphuphu zisawakope. BOMCA, polojekiti ya European Union yothandiza kuyendetsa malire m'chigawochi, yoyamba mu 2003, ndi CARICC, likulu la ku Almaty m'dziko la Kazakhstan, komwe maiko amatumiza maofesala awo kuti azigawana uthenga pamalo amodzi, zonsezi zikuthamangitsa chinthu chomwecho.

Njira yomwe yandithandiza ndi kujambula ulendo wa katundu mmodzi papepala lalikulu, pamalo aliwonse n'kulemba yemwe ali ndi mphamvu yogwira ndi yemwe ayenera kumuimbira foni asanagwire. Ndikunenetsa, palibe buku lingakuphunzitseni kuposa pepala limeneli. Yesani muone.

Chikundiwawa n'choti aphunzitsi anathera theka la teremu kutiwerengera maina a mabungwe ndi zaka zake, koma nkhani iyi anangoikhudza ophunzira atayamba kale kulongedza mabuku. Chonsecho ena mwa ife tidzakaima pa Mwanza kapena pa Songwe, pomwe a MRA, a Immigration ndi apolisi aliyense ali ndi ofesi yake ndi bwana wake.

Pomwe ndidakali njakata ndi apa. Mu 2004 mkulu wa bungwe lomwe lija la ku Tajikistan, Ghaffor Mirzoyev, anamangidwa pa milandu ina atangotsogolera miyezi yochepa, kusonyeza kuti ndale za m'dzikomo zimalowerera ndithu. Nanga opereka thandizo akasiya kulipira, wa kasitomu uja adzamuimbirabe foni wapolisi? Mtima wina ukuti chizolowezi chimatsala, wina ukuti chimatha tsiku lomwe polojekiti yatha. M'mayesomu ndilemba mbali iti, kaya.