Ganyu yotchera mbewa zosadya

Anzanga ambiri akundifunsa kuti ganyu ndikugwira ku paki ija ndi yotani, nde ndiyankhe pano kamodzi. Ndikuthandiza anthu ofufuza za mbewa ndi mileme mu Kasungu National Park, chakufupi ndi damu la Lifupa. Eya, mbewa, osati njovu 263 zija anabweretsa kuchokera ku Liwonde mu 2022 zomwe aliyense amakamba.

Msampha wake si diwa ayi. Ndi timabokosi tachitsulo chopepuka, amati Sherman, mkati timaikamo chiponde chosakaniza ndi gaga, mbewa ikangoponda kachitseko kamadzitsekera iyo ili moyo. Timatchera madzulo m'mizere, m'mamawa kusanatenthe tayamba kale kuyendera chifukwa dzuwa likawomba kabokosi kaja mbewa imafera momo. Tikaitulutsa timaiyika pa sikelo, kuyeza mchira, khutu ndi phazi lakumbuyo, kuona ngati ndi yaimuna kapena yaikazi, kuimeta ubweya pang'ono kuti ikagwidwanso tiizindikire, kenako kuimasula pomwepo. Agogo anga atamva anangoti, "Mwana iwe, ndiwo ukuzibweza kutchire?" kkkk.

Koma chomwe ndaona ine nchakuti mafana okumba mbewa kumudzi akudziwa zambiri zedi, kungoti palibe amawafunsa. Ofufuza amayamba atsegula kaye buku kuti adziwe mtundu, pomwe mfana amangoyang'ana una nkukuuza kuti umu muli phanya, umu kapuku. Kapeta, yonona ija, salowa mumsampha wamba nthawi yachilimwe chifukwa amangogona pansi kudalira mafuta ake, nde ukangowerenga zamumabokosi ungalembe kuti kulibe, chonsecho wokhala ndi khasu akuifukula tsiku ndi tsiku. Bwanji osawalemba ntchito mafanawa nkumawalipira?

Nawonso ofufuza ali ndi zawo zomwe ife sitimadziwa. Kapuku wamkazi amakhala ndi mawere mpaka 24, amaswa ana opitilira 10 kamodzi, mvula ikagwa bwino amachuluka mwachangu nkumafukula chimanga chongodzala kumene. Kuwerenga mbewa mwezi ndi mwezi kumathandiza kuchenjeza alimi zisanafike poipa. Kapuku yemweyu ku Nigeria ndi Sierra Leone amafalitsa matenda a Lassa, nchifukwa chake popanda magolovesi sakulola kugwira. Ndipo bwampini, yemweyu timamuthamangitsa ndi agalu, ku Morogoro ku Tanzania bungwe la APOPO limamuphunzitsa kununkhiza mabomba okwilira pansi ndi TB m'makhololo.

Za mileme ndi usiku, timamanga ukonde wopyapyala pafupi ndi madzi, palinso kachipangizo kojambula kulira kwake komwe makutu athu samva. Kuchotsa mleme muukonde musandipatse ine, ndimangogwira tochi.

Sabata yamawa tikusamutsira misampha m'minda ya chimanga kunja kwa waya kuti tifananize ndi zamkati. Eni minda avomera, koma akuti yogwidwa m'munda mwawo isamasulidwe, ndipo nkhani imeneyo kwa amfumu sinathebe.