Boti la achikulire linalowa m'madzi kumapeto kwa Julayi

Sitima ya pamtunda yochoka ku Glasgow Central kupita ku Largs imayenda pafupifupi ola limodzi. Ndinaikwera Loweruka pa 4 Julayi 2020, litangotha tsiku limodzi boma la Scotland litachotsa chiletso cha mliri wa Covid-19 choti munthu asapite kokasangalala kutali kuposa mamailosi 5 kuchokera kwawo. M'bogi lathu tinalimo anthu anayi basi, aliyense pakona pake, masiki kumaso. M'chikwama ndinanyamula sandipepala, maburashi awiri, magolovesi, buledi ndi fulasiki ya tiyi. M'thumba la malaya munali emvulopu ya makiyi a boti. Achikulire, eni botilo, anaisiya pakhomo panja dzulo lake, iwo n'kuima pawindo kundiyang'ana ndikuitola.

Titadutsa Kilwinning nyanja inaonekera kumanzere, kutsidya kwake mapiri a chilumba cha Arran ali tayale. Ndinali nditatha miyezi inayi osaona madzi aakulu. Kwa mwana wa ku Chipoka, imeneyo ndi nthawi yaitali.

Achikulirewa tinadziwana kutchalitchi zaka zitatu m'mbuyomo. Atamva kuti kwathu ndi m'mbali mwa nyanja ya Malawi, funso lawo loyamba linali lakuti, "Kodi Ilala ikuyendabe?" Bambo awo ankagwira ntchito m'mafakitale a sitima a mumtsinje wa Clyde, ndiye mbiri anali kuidziwa bwino: Ilala inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotstoun, mu Glasgow momwemo, mu 1949, inanyamulidwa zidutswazidutswa kudzera ku Beira, ndipo inayamba ntchito panyanja yathu mu 1951. Ine ndinakula ndikuthamangira kudoko kukaiona, osadziwa kuti tsiku lina ndidzakhala mumzinda umene inabadwira. Kuyambira pamenepo anayamba kunditenga pa boti lawo la matanga, lotalika mamita 8, ndipo manja awo atayamba kuvuta ntchito zolemera zinakhala zanga.

Kuno maboti ambiri sakhala m'madzi chaka chonse. Cha mu Okutobala amawavuula n'kuwaimika pamtunda pa zimango zachitsulo kuti adutse nyengo yozizira. Marichi akafika, eni ake amatuluka ndi zitini za penti, cholinga chili chakuti pofika Isitala boti likhale likuyandama. Zimandikumbutsa chilumba cha Mbenji kwathu ku Salima, kumene mfumu Makanjira imatseka usodzi nyengo ya mvula, ndipo tsiku lotsegulira likayandikira gombe lonse limachita piringupiringu, wina kumata bwato, wina kusoka ukonde.

Mu 2020 piringupiringu ameneyo sanachitike. Pa 23 Marichi Boris Johnson, nduna yaikulu ya Britain pa nthawiyo, analengeza m'bindikiro, madoko a maboti anatseka mageti, ndipo Isitala ya pa 12 Epulo inapeza maboti ali gwa pamtunda. Chopweteka chinali chakuti dzuwa linawala modabwitsa chaka chimenecho. Anthu a zanyengo anati Meyi ameneyo anaposa mwezi wina uliwonse m'mabuku awo pa kuchuluka kwa dzuwa ku Britain. Kuno kumene munthu umapemphera kuti mvula ikupatse masiku awiri okha kuti penti aume, tinapatsidwa masabata athunthu ouma, ife tili m'nyumba. Ku England anthu analoledwa kubwerera pamadzi pa 13 Meyi. Ku Scotland Nicola Sturgeon, mtsogoleri wa boma la Scotland pa nthawiyo, anayamba kumasula malamulowo pa 29 Meyi, koma ndi chiletso cha mamailosi 5 chija, pamene boti lathu lili mamailosi oposa 30 kuchokera komwe timakhala. Achikulire nawo anali m'gulu la anthu amene analandira makalata owauza kuti asamasakanikirane ndi anthu chifukwa cha matenda a m'chifuwa. Ankandiimbira foni madzulo kungofunsa ngati ndikuganiza kuti chinsalu chophimba boti chidakalipo.

Sindinakwiye nawo malamulowo, ngakhale ndinkamva eni maboti ena akudandaula kuti pakati pa nyanja palibe wokupatsira matenda. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo zimene ndinaona mu Epulo sindidzaziiwala. Komanso boti likawonongekera panyanja, amene amabwera kudzakupulumutsa ndi anthu a RNLI, bungwe lopulumutsa anthu panyanja, ambiri mwa iwo odzipereka chabe, amene amasiya ntchito zawo ndi ana awo n'kukapanikizana m'kaboti kamodzi momwe simungatalikirane mamita 2. Boti loti lakhala miyezi yambiri osakhudzidwa ndi lomwe limakonda kuzimira injini pakati pa madzi. Anthu a m'zilumba nawo anali ndi nkhawa yomveka, poti okalamba ndi ambiri ndipo chipatala chachikulu chili kutsidya.

Kuchoka pasiteshoni ndinayenda wapansi kutsata gombe. Chimene ndinaona nditalowa pageti chinandiimitsa kaye. Mu Julayi bwalo limenelo limakhala mbee, magalimoto okhaokha. Tsikulo maboti anali ndandanda ngati ng'ombe zoiwalika m'khola, udzu utamera pansi pake, zinsalu zina zitang'ambika zikukupiza ndi mphepo. Pageti panali botolo la sanitayiza ndi buku lolembamo dzina ndi nambala ya foni. Chikwangwani chinkati boti limodzi, banja limodzi. Kuofesi osalowa, lankhulani pawindo. Tsiku lotsitsa boti m'madzi lembetsani pafoni. Mabafa anali okhoma. Kanyumba ka tiyi, kumene madala amakhala n'kumakambirana za mphepo, kanali kotseka, mipando itasanjikizidwa mkati.

Ndinakwera makwerero, n'kutsegula chitseko cha boti. Fungo la chinyontho linandilandira. Chuku chinali chitayala pamakushoni ndi padenga, mabatire onse awiri atafa, ndipo pansi penipeni panali madzi a mvula ofika m'kakolo amene analowera pamlongoti. Ndinaimba foni ya vidiyo.

"Bambo, ndalowa."

"Ndionetse injini, mwana wanga. Ayi, tsitsa pang'ono. Kumanzereko."

Umu ndi momwe tinagwirira ntchito Loweruka zitatu zotsatizana. Foni ndinkaitsamiritsa pachitini cha penti, iwo ali pampando kunyumba ndi kabuku kawo kakale momwe analembamo chilichonse chimene chachitika pa botilo. Maso anali awo, manja anali anga.

Ntchito yaikulu ndi ya kunsi. Madzi amchere sali ngati a kwathu. Boti likakhalamo miyezi ingapo lopanda chitetezo, ndere ndi tizigoba zimamatirira mpaka limayenda ngati likukoka thumba la mchenga. Ndiye chaka ndi chaka umapala penti wakale amene wayamba kusuka, n'kupaka wina wapadera wokhala ndi kopa woletsa zamoyozo kumera. Popala umanyowetsa kaye, chifukwa fumbi lake ndi poizoni. Ndinagwada pamiyala tsiku lathunthu, madzi a buluu akutsikira m'zigongono. Kenaka pali kachitsulo ka zinki kamene amamangirira pafupi ndi pulopela. Ntchito yake ndi kudyeka: madzi amchere amakadya ikoko m'malo modya pulopela ndi shafiti. Kakale kanali katatha kupitirira theka. Nditakaonetsa pafoni, achikulire anati, "Kagwira ntchito yake. Ika katsopano, koma usakapake penti, ukakapaka kafa."

Chimene ankachiopa kwambiri ndi mavavu a pansi. Boti lili ndi mabowo angapo kunsi kwa mzere wa madzi, lina lolowetsa madzi oziziritsa injini, lina la sinki, ena a chimbudzi, ndipo lililonse lili ndi vavu yake. Ikauma osatseka bwino, kapena paipi yake ikang'aluka, boti limamira lili pachingwe usiku anthu ali mtulo. Imodzi inali itagwira dzimbiri, yosatembenuka. Sipanala yoyenera ndinalibe.

Pa boti loyandikana nalo panali mayi wina amene timadziwana nkhope. Zaka zonse akanangokwera makwerero n'kudzagwira mbali ina, ine mbali ina. Tsikulo anabwera ndi sipanala, anaiika pansi pakati pathu, n'kubwerera m'mbuyo masitepe atatu. Ndinaitola, ndinagwiritsa ntchito, ndinaipukuta ndi sanitayiza, n'kuibwezera pamalo pomwepo. Tinacheza mokweza mawu ngati anthu a kutsidya la mtsinje. Anandiuza kuti boti lachitatu kuchokera pathu silitsika chaka chino, mwini wake anamwalira mu Epulo. Ndinkamudziwa bamboyo. Ndi amene anandiphunzitsa mfundo yomangira boti pamtengo wa padoko.

Madzulo a tsiku limenelo, ndili m'sitima, maganizo anapita kwa malume anga. Kwathu boti silitsika ndi munthu mmodzi. Akamaliza kulimata ndi phula, amayala mitengo pamchenga, ndipo aliyense amene ali pagombe amabwera osaitanidwa: asodzi anzawo, anyamata ongokhala, ngakhale amayi ogula usipa amasiya mabeseni. Wina amayambitsa nyimbo, mapewa amagundana, thukuta la mnzako limakugwera, boti n'kuyamba kuseseleka. Mawa lake likabwera ndi nsomba, aliyense amene anakankha amapatsidwa ya ndiwo. Ngakhale kuno ku Scotland, kumene makina ndiwo amanyamula, mwambo womwewo ulipo mwa mtundu wake: wina amakugwirira makwerero, wina amakubwereka waya wa magetsi, wina amakubweretsera tiyi. Mliri unasiya makina onse ali bwinobwino, n'kuchotsa manja a anthu.

Zotsala ndinazithamangitsa. Ndinasintha oyilo ndi mafyuluta, ndinaika kampira katsopano ka pampu ya madzi, ndinatsitsa dizilo pang'ono m'botolo kuona ngati mulibe madzi kapena zinyalala zakuda zimene zimamera m'thanki ikakhalitsa. Batire imodzi inadzuka itatchajidwa, inayo tinagula ina. Makushoni ndinawayanika padzuwa.

Tinapatsidwa Lachitatu lomaliza la Julayi, 10 koloko m'mawa. Mzere unali wautali chifukwa ntchito ya miyezi itatu inkachitika m'masabata ochepa, antchito ali ochepa, ndipo ukaphonya nthawi yako umabwerera kumapeto. Ndinapempha tchuthi kuntchito. Nditafika ndinaona galimoto ya mwana wawo wamkazi itaima kunja kwa mpanda, achikulire ali kumpando wakumbuyo, windo lotsitsa theka. Ndinawakwezera dzanja chapatali.

Makina onyamulira maboti ali ngati chimango chachikulu choyenda pa matayala anayi. Amabwera n'kulitangadza boti, antchito amadutsitsa malamba awiri otambalala kunsi kwake, kenaka limanyamuka pang'onopang'ono mpaka lili lendelende m'mwamba. Pamene zimango zinagwira pamatsala timabala tosapakidwa penti, ndipo mwamwambo mwini boti amathamangira pansi ndi burashi kukamaliza. Chaka chimenecho eni maboti ankaima kuseri kwa chingwe. Koma woyendetsa makina anauza anzake kuti afutuke, n'kundikodola. Ndinalowa ndekha pansi pa boti lolendewera, ndinapaka timabala tonse, n'kutuluka. Ndikuthokozabe mpaka lero.

Makina anayenda ulendo wa nkhono mpaka pamwamba pa madzi. Malamba anayamba kutsika. Chitsulo cholemera cha kunsi chinakhudza madzi, kenaka mimba ya boti, ndipo mwadzidzidzi chinthu chimene chinaima chouma miyezi 9 chinayamba kugwedezeka chokha. Sachotsa malamba msanga. Amadikira kuti ulowe ukaone ngati silikudontha. Ndinatsika ndi tochi, n'kugwira vavu iliyonse ndi chala, kuphatikizapo ya dzimbiri ija. Zonse zouma. Ndinatsegula ya injini, ndinapotokola kiyi. Inakhosomola kawiri, kachitatu n'kulira.

Foni inaitana nthawi yomweyo.

"Madzi akutuluka kumbuyo?"

Ndinasuzumira paipi ya utsi. Madzi anali kulavuka mwa kanthawi, mwa kanthawi, monga ziyenera kukhalira.

"Akutuluka, bambo."

Sanayankhe. Nditadzutsa mutu ndinawaona atatuluka m'galimoto, atagwira waya wa mpanda ndi manja awiri, chipewa chili m'khwapa.

Pa 1 Ogasiti boma linaimitsa kaye malangizo a anthu obindikira chifukwa cha matenda, ndipo patatha sabata ziwiri tinatuluka limodzi. Tinagwirizana kuti iwo akhala kumbuyo pachiwongolero, ine kutsogolo kwa mlongoti, aliyense ndi kapu yake ndi chakudya chake. Mphepo inali ya kumadzulo, yofatsa. Tinazungulira chilumba cha Great Cumbrae, ulendo wa maola ochepa. Pa Millport tinaona nyumba zandandalika m'mbali mwa gombe ndi nsonga ya tchalitchi chake, koma sitinatsike. Zaka zonse timaima pamenepo kugula tchipisi. Achikulire anati anthu a pachilumba apume kaye, tidzabwera chaka chamawa. Ulendo wonse analankhula mawu ochepa, ndipo dzanja silinachoke pachiwongolero ngakhale pomwa tiyi.

Pobwerera, titamanga zingwe, tinapeza pepala latsopano pawindo la ofesi: kulembetsa masiku ovuula maboti kwayamba. Boti linali litangotha masabata awiri ndi theka m'madzi. Achikulire anavala magalasi, anawerenga masiku onse mpaka pansi, n'kuuza mtsikana wa pawindo kuti awalembe tsiku lomaliza lenileni.